Chifukwa Chake Amanditcha Ba Pusi

Tsika pampandopo, Natasha, usanagwe. Zisononkho zimene ukufuna kutsitsazo zisiye momwemo. Ndakumva, wati zada bii ndi mwaye, zikuchititsa manyazi, ndipo wabwera ndi chidebe cha pulasitiki cha chivindikiro kuti tiziikemo mwaukhondo. Mtima wako ndi wabwino, mdzukulu wanga, koma nzeru imeneyo ndinayamba kukhala nayo ndine iwe usanabadwe, ndipo ndi imene inandipatsa dzina lija mumasekera kuseri kwa nyumba. Musakane, ana inu. Makutu anga amavuta pa ulaliki pokha, zondinena ndimamva bwinobwino. Khalani pansi nonse. Nawenso Chikondi, foniyo siithawa.

Dzina langa la ubatizo ndine Yotamu. Ndikukuuzani chifukwa ena mwa inu simulidziwa. Kuno ku Kanakantapa mukafunsa nyumba ya Yotamu anthu adzaganiza kuti mwasochera, koma mukati Ba Pusi, ngakhale kondakitala wa minibasi adzakutsitsani pampata penipeni. Amayi aja anamanga nyumba yampanda pa poloti yatsopano, amene amalawirira ku ofesi ku Lusaka, amayesa kuti ndi dzina la makolo anga. Amandipatsa moni mwaulemu wonse, mawondo atapinda, "Muli shani, Ba Pusi?" Mwana wawo atakwatiwa, khadi yondiitanira inalembedwa ndi zilembo zagolide kuti Bambo Pusi ndi banja. Ndinapita, ndinadya nkhuku, ndipo sindinawakonze.

Mawu amenewa si athu ayi. Ife timati mphaka, ena amati chona. Pusi ndi Chingerezi, koma osati Chingerezi cha m'kalasi chimene mumalemba pamayeso. Ndi cha pakhonde, chonyengerera, chimene azungu amaitanira mphaka akafuna kumusisita. Masiku ano ndimamva amayi a pa poloti aja akuitana wawo kuti kiti, ndiye kuti nawo mawuwo anakalamba ngati ine. Kwathu kum'mawa kumene ndinabadwira, pusi ndi kanyani kaja kakuba m'munda, choncho tsiku loyamba kumva mzungu akuitana pusi ndinayang'ana m'mitengo.

Ndinafika ku Lusaka ndili mnyamata, ndili ndi malaya awiri ndi njala. Ndinapeza ntchito yothirira maluwa panyumba ya azungu ena, kenako anandikweza n'kulowa kukhitchini. Kumeneko ndinaphunzira kuphika mazira m'njira zinayi, kusita malaya ndi simbi yamakala osawawotcha, ndi kupukuta pansi ndi makandulo osungunula mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Inu simukuidziwa simbi yamakala. Unkaipukusa m'mwamba kuti moto uyake, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pa kolala ya abwana, malipiro ako a mwezi apsa nawo.

Adona a m'nyumbamo analibe mwana. Mwana wawo anali mphaka. Ankadya nyama yogaya, yomwe ndinkagaya ndine ndi kachigayo kamanja. Mkaka ankamwera mu sosala ya maluwa abuluu, ndipo ankagona mu basiketi yokhala ndi bulangeti laubweya, pamene ine kukanyumba ka antchito ndinkafunda chiguduli. Dzuwa likapendeka adona ankaima pakhonde, sosala ili m'manja, n'kumaitana ndi mawu aang'ono ngati a mbalame: pusi, pusi, pusi. Miyezi yoyamba zinkandiwawa. Kenako, ndipo apa ndi pamene pali manyazi anga, ndinayamba kusirira. Ndinatsimikiza mumtima kuti munthu wotsogola amadziwika ndi mphaka wake. Anzanga kwa azungu anaphunzirako kuyendetsa galimoto, ena kukonza mapaipi, n'kudzadyera maluso awo mpaka ukalamba. Ine ndinaphunzirako kuitana mphaka.

Agogo anu aakazi, Esinati, ndinawapeza nthawi yomweyo. Anali atabwera kuchokera ku Bundabunda kudzaona mlongo wawo Shadreki, amene anali mlonda panyumba yoyandikana nafe. Ndinawakopa ndi keke yotsala ya adona ndiponso Chingerezi changa cha kukhitchini. Iwo anadzandiuza patapita zaka kuti keke inali youma, Chingerezi sanachimve, anangoona kuti ndine munthu wosamwa mowa. Tinakwatirana, n'kubereka Tisa, amayi ako iwe Natasha.

Azungu aja atati azibwerera kwawo, mphaka wawo wamkulu anamutenga pandege. Inde, pandege, ine amene ndikunena pano sindinaikwerepo mpaka lero. Koma mphakayo anali atabereka, ndipo kamwana kamodzi, kotuwa, koyera pachifuwa, adona anandipatsa ine pamodzi ndi basiketi ndi sosala ija. Analira misozi yeniyeni pondipempha kuti ndikasamale, ine n'kulonjeza dzanja lili pamtima. Kuti misoziyo sinali ya ine, ndinadzazindikira mochedwa. Kamphakako ndinakatcha Pusi, poti ndi mawu okhawo amene ndinkadziwa kuti mphaka wolemekezeka amavomera.

Ntchito itatha, tinamva kuti boma likugawa malo kuno kwa anthu osowa chochita m'tauni. Tinabwera pa lole. Kunali tchire, ana inu, osati nyumba za malata ofiira mukuzionazi. Anzathu ankatsika pa lole atanyamula makasu, nkhwangwa ndi miphika. Agogo anu aakazi anatsika ndi Tisa kumsana ndi mtolo wa zisononkho pamutu. Ine, mutu wa banja, ndinatsika nditakumbatira basiketi ya mphaka.

Tsono mphaka wa kumudzi ndi wantchito. Sapatsidwa dzina, sapatsidwa mbale. Amakhala kunkhokwe, amanyambita zotsala mumphika ngati wapeza mwayi, ndipo chakudya chake chenicheni amachigwira yekha. Njala yake ndiyo imasunga chimanga chanu. Mwana aliyense wobadwira kumudzi amadziwa zimenezi, ndipo inenso ndinabadwira kumudzi, koma ndinali nditaziiwala dala. Mkulu wina woyandikana nafe anandiona ndikuthira mkaka wa mbuzi mu sosala, n'kundichenjeza mofatsa kuti mphaka ukamukhutitsa ndiye kuti walemba mlonda wogona. Ndinamuyankha ndi timawu tiwiri ta Chingerezi kuti adziwe kuti akulankhula ndi munthu wodziwa zinthu. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuuzidwa osafunsa n'komwe, koma phulalo ndinadyabe.

Mtolo umene agogo anu anatsika nawo pa lole unali wa gankata, chimanga cha makolo a kuno, chomwe chapachikidwa pamwamba panupo. Anapatsidwa ndi amayi awo, amayi awonso anapatsidwa ndi amayi awo. Njere zake ndi zazikulu ndi zolimba, mumtondo sizinyenyeka, ndipo ufa wake umakhalitsa m'mimba. Chimanga cha m'sitolo chimafuna ubwerere ku sitolo chaka ndi chaka, koma gankata ukakolola umasankha zisononkho zabwino, n'kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake, n'kuzipachika kumtanda pamwamba pa moto. Utsi umaziumitsa, anankafumbwe amadana nawo, ndipo khoswe zimamuvuta kutsika pachingwe pamalo owawa m'maso chotero. Zimada, inde. Kuda kumeneko ndiye chitseko chake.

Zaka ziwiri zoyamba tinakolola bwino. Chaka chachitatu mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo tinakolola zochepa moti nkhokwe inatha dzuwa lisanayambe n'kutentha komwe. Ndinkayenda m'maganyu, kuzula zitsa m'minda ya anthu, n'kubwera ndi kaufa ka tsiku limodzi ndi tikapenta ta m'kapepala. Masiku ena ndinkabwera chimanjamanja. Tisa ankalira, akuloza zisononkho kumtanda, koma amayi ake ankamunyamula n'kutuluka naye panja kukamuonetsa nkhuku. Sanathothole ngakhale njere imodzi. Nanga ine? Tikapenta tija ndisanawapatse, ndinkatapako pang'ono n'kuika m'thumba la malaya. Mukudziwa kale kuti tinali ta ndani. Chaka chimenecho tonse tinaonda m'nyumba muno, nthiti kuwerengeka, kupatula Pusi, amene ankayenda mimba ikugwedera uku ndi uku.

Agogo anu anali ndi pakati pa Mabvuto, atate ako iwe Chikondi, ndipo dzinalo ukuona kumene linachokera. Masiku atayandikira anapita ku Bundabunda kwa amayi awo kukachira, atatenga Tisa. Pochoka anandisiyira lamulo limodzi lokha, loti ndizisonkha moto m'khitchini tsiku lililonse, ngakhale ndilibe chophika, kuti utsi uzifika kumbewu. Ndinavomera mokweza, mmene amavomerera munthu amene sakumva.

Patapita masabata awiri ndinalandira kalata yochokera kwa mnzanga wina amene tinkaphika naye m'nyumba za azungu. Anati adzabwera ndi mkazi wake kudzaona famu yanga. Famu! Ndi mmene ndinkawalembera. Ndinasesa bwalo, ndinazira pakhonde, ndinachapa bulangeti la Pusi. Nditalowa m'khitchini n'kuyang'ana kumwamba, ndinaona zimene waona iwe lero, Natasha: zinthu zakuda zolendewera, zodontha mwaye. Ndinadzifunsa kuti munthu amene anaphikirapo adona pa chitofu chamagetsi angaonetse alendo zimenezi? Ndinakwera pampando n'kuzitsitsa zonse. Ndinazitonola bwinobwino, ndinapeta, ndinathira njere m'thumba loyera la nsalu, ndinasoka pakamwa, n'kukaliika pakona m'chipinda. Kenako ndinatenga Pusi n'kumukhazika pamwamba pa thumbalo, ndipo ndinamuuza m'Chingerezi kuti ayang'anire. Ndinagona tsiku limenelo ndikudziyamikira kuti ndabweretsa chitukuko m'banja. Alendowo sanabwere n'komwe, mpaka lero.

Agogo anu anabwerera patatha miyezi iwiri, khanda lili kumsana. Kunali kukutentha kwambiri, mitambo itayamba kusonkhana cha kum'mawa, aliyense akunola makasu. Anafika m'mawa, ndipo asanamwe n'madzi omwe analowa m'khitchini. Ndinawamva ataima chilili. Ndinathamangira komweko ndikumwetulira, n'kuwauza kuti asade nkhawa, mbewu ili pamalo abwino kuposa kale, ili ndi mlonda. Ndinawatsogolera kuchipinda ngati munthu wokaonetsa njinga yatsopano.

Thumba linali pomwepo, loyera, looneka bwino, Pusi atadzitambasula pamwamba pake. Chikomekome cha mkuyu. Agogo anu anamukankha ndi phazi, anagwira thumba kuti alinyamule, ndipo linanyamuka ndi dzanja limodzi. Kumbuyo kwake, mbali ya kukhoma, kunali mabowo atatu. Atalikhuthulira pa lichero munatuluka gaga, zitosi, ndi tiana ta makoswe tofiira tisanu, tosatsegula maso, tili m'chisa chopangidwa ndi ubweya wa bulangeti la adona. Njere zambiri zimene zinatsala zinali zobooka pamtima. Khoswe ndi katswiri, ana inu, amadya pomera pokha, kwinako n'kukusiyira. Pusi anayang'ana tiana tija, anayasamula, n'kubwera kudzadzikhuza pamwendo panga kuti nthawi ya mkaka yakwana.

Ndikanakonda akanakuwa. Agogo anu anakhala pansi, anaika lichero pamiyendo, n'kuyamba kusankha njere zamoyo imodziimodzi, khanda likuyamwa. Anasankha mpaka dzuwa kufika pamutu. Zonse zimene anapeza sizinadzaze kapu ya tiyi. Pamenepo ndi pamene anandiyang'ana.

"Atate ake Tisa, iyi mbeu ninakana kudya pamene mwana wanga enze kulira na njala. Imwe mwapasa makoswe."

Ndinayesa kunena kuti tigula ya m'sitolo. Anandifunsa kuti ndi chiyani, poti m'nyumba munalibe ngakhale ya mchere. Ndinati tipempha kwa anansi, koma tonse tinkadziwa kuti chaka cha njala ambiri anali atadya mbewu zawo, ndipo amene anasunga anasunga yokwana munda wawo basi. Kunatsala khomo limodzi, la apongozi anga ku Bundabunda. Agogo anu ananena mosakweza mawu kuti iwo sangapite kukauza amayi awo chinthu chotere. Anati ndipite ndekha, ndikafotokoze ndi pakamwa panga, ndipo mvula ikagwa m'munda mulibe chodzala, atenga ana awo kubwerera kumene anthu amadzala, ine nditsale ndi mkazi wanga wachiwiri wa ubweya uja. Sankaopseza. Agogo anu sankadziwa kuopseza, ankangonena zimene zichitike. Ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse la moyo wanga.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinakwera njinga yanga yakuda ija, ya mabuleki a ndodo, imene munaisandutsa chokwerapo nkhuku. Masiku ano mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mwapanikizana. Ine ndinapalasa kuchokera kuno kukalowa mumsewu waukulu, kuwoloka mlatho wa Chongwe, kukwera zitunda zija ndikukankha, m'mimba muli mango awiri osapsa. Njira yonse ndinkakonza bodza. Ndinayesa la moto, ndinayesa la akuba, ndinayesa la chiswe. Lililonse linkagwa ndikakumbukira kuti agogo anu adzafunsidwa tsiku lina, ndipo iwo sankanama.

Muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo mkamwini sankakhala pafupi ndi apongozi ake aakazi, kapena kuwayang'ana kumaso. Si zanu za lero zojambulitsa pafoni mutakolekana m'khosi. Ndinanjuta patali pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Apongozi anakhala pakhomo la khitchini atayang'ana kumbali. Pakati pathu panakhala mlamu wanga Shadreki, amene anali atasiya ulonda n'kubwerera kumudzi, kuti azinyamula mawu, makamaka poti apongozi ankalankhula Chisoli, chimene ine ndinkangotolako apa ndi apo. Tsono mlamu ndi munthu amene mwambo unamupatsa ufulu wokuseka, ndipo Shadreki sanawononge mwayi umenewo. Chilichonse chimene ndinkanong'ona, iye ankachibwereza mokweza, ati kuti amayi asaphonye. Azimayi amene ankasinja chapafupi anaimika misi yawo. Ana anasiya masewera. Anthu odutsa m'njira anapeza chifukwa chomangira nsapato.

Apongozi sanakalipe. Ankangofunsa, ndipo mafunso awo anali oopsa kuposa ndodo. Anafunsa ngati utsi unali utatha m'nyumba mwanga. Anafunsa kuti mlondayo amadya chiyani. Ndinati kapenta. Anafunsa ngati Tisa ankakhuta kapentayo. Sindinayankhe, ndipo Shadreki anauza bwalo lonse kuti alamu sanayankhe. Anafunsa kuti mlondayo amagona pati, ndinati mu basiketi. Kenako anafunsa ngati n'zoona kuti mphakayo ali ndi dzina, ndipo nditavomera, anati sanaonepo mphaka woitanidwa, ndiwasonyeze mmene ndimachitira.

Ndinayang'ana Shadreki kuti andipulumutse. Iye anati, "Itanani, ba mulamu. Bamayo bafuna kumvela."

Ana inu, ndinali bambo wa ana awiri, ndevu zili pachibwano. Ndinagwada pafumbi, ndinatambasula dzanja ngati ndanyamula sosala, n'kuitana ndi kamawu kaja ka adona, poti mwanjira ina sindinkadziwa: pusi, pusi, pusi. Bwalo lonse linagwa ndi kuseka. Mayi wina anachita kugwira mtondo kuti asagwe nawo. Ana anayamba kuthamanga mozungulira akuitana pusi, pusi, ndipo mphaka weniweni wa pamudzipo, wowonda, wa khutu limodzi, anasuzumira pansi pa nkhokwe n'kubwereranso, zosamukhudza. Pochoka pamenepo dzina la Yotamu linali litafa. Linafika kuno ine ndisanafike, sindikudziwa kuti linakwera chiyani.

Mukuseka, sekani, inenso ndimaseka. Koma munthu mmodzi sanaseke. Apongozi anadzuka n'kulowa m'khitchini, ndipo ndinamva mpando ukukokedwa. Anatuluka atanyamula zisononkho zakuda zomangidwa ziwiriziwiri. Sanapatse Shadreki. Anayenda okha mpaka pamene ndinagwada, chinthu chimene anali asanachitepo, anaziika pansi patsogolo panga, n'kulankhula nane mwachindunji m'Chinyanja chawo chochepa.

"Bapongozi, izi nachosa ku munda wanga. Musatonole mpaka siku yobyala."

Pamene ankabwerera, chitseko cha khitchini chinali chotsegula, ndipo ndinaona mtanda wawo. Theka lake linali lopanda kanthu. Nawonso chaka chimenecho anakolola zochepa, ndipo mbewu imene anasunga inali yongokwana munda wawo. Ndiye kuti gawo la munda wa mayi wamasiye, wokalamba, linali loti ligone chaka chonse chifukwa choti ine ndinkafuna kuoneka wotsogola pamaso pa alendo amene sanabwere. Kuseka konse kuja sikunandipweteke ngati mtanda umenewo. Ndinalira panjinga, ndikukuuzani zoona, ndinalira mpaka kumsewu waukulu.

Mvula yoyamba inandipeza ndisanafike pamlatho. Ndinavula malaya ndi jekete n'kukulunga zisononkho, ndipo ndinalowa mu Kanakantapa ndili chifuwa pamtunda, matope mpaka m'makutu, anthu akundilonjera ndi dzina latsopano. Agogo anu anamasula mtolowo, anawerenga ndi maso, ndipo anadziwa nthawi yomweyo zimene amayi awo anachita. Mtolo wa zovala umene anali atamanga kale anaukankhira pansi pa bedi, osaumasula.

Tinadzala m'mawa mwake, njere ziwiriziwiri paphando, ine ndikukumba, iwo akuponya, poti sanandilole kugwira mbewu. Inakwana gawo laling'ono la munda. Kwinako tinadzala maungu, mbatata ndi nyemba zopempha. Chinali chaka chowawa. Tinadya maungu mpaka Tisa ankati akawaona n'kutembenuka. Mvula itakhazikika ndinkapalasa njinga kupita ku Bundabunda kukalimira apongozi gawo limene anadzala, ndipo ndinapitiriza kutero chaka chilichonse mpaka anamwalira. Zikomo wa pakamwa sindinawauzepo, mwambo sunkalola kuti ndiyambe ndine kulankhula. Ndinkangolima.

Mukufuna kudziwa za Pusi. Sosala ya maluwa abuluu agogo anu anaisandutsa yoikamo mchere, ndi yomwe ija ili pashelefu, yobenthuka m'mphepete. Basiketi inakhala yoikiramo nkhuku. Pusi anatulutsidwa panja, ndipo analira masiku anayi akundiyang'ana ngati ndamugulitsa. Tsiku lachitatu ndinabisa tikapenta tiwiri m'thumba, koma agogo anu anangotambasula dzanja osayang'ana n'komwe, ine n'kupereka. Mphakayo anaonda, anakwiya, anasowa masiku angapo. Tsiku lina m'mawa tikumwa phala, anatulukira atanyamula khoswe wamkulu kukamwa. Anandidutsa ine, amene ndinamulera ndi mkaka, n'kukamuika pamapazi pa agogo anu. Iwo anayang'ana khoswe, anayang'ana mphaka, kenako ine.

"Uyu waphunzira. Kwasala umozi."

Anakhala zaka zambiri Pusi ameneyo, ndipo anasanduka mlenje woopsa moti anansi ankabwera kudzapempha ana ake. Amphaka ambiri owonda amene mumawaona m'nkhokwe za kuno ndi zidzukulu za mphaka wokwera ndege. Koma mawuwo anatsala m'banja muno ndi tanthauzo lake lakale. Amayi anu akakupezani mwagona dzuwa lili pamutu, mbale zosatsuka, n'kukuuzani kuti musakhale apusi, mumayesa kuti ndi mawu wamba. Ayi, akutukwana ine ndi mphaka wanga, ndipo ali ndi chifukwa.

Gankata uja anabereka. Munda unali waung'ono koma zisononkho zinali zazikulu ngati mkono wa Tisa. Tsiku losankha mbewu ndinakhala patali, ndikunamizira kukonza khasu. Agogo anu anasankha, anamanga ziwiriziwiri, anapatula za ku Bundabunda. Kenako anakokera mpando pansi pa mtanda, womwe unakwerapo iwe Natasha, n'kundiitana. Anandipatsa zisononkho m'manja, koyamba chichitikire zija, n'kunena kuti ndipachike ndine, poti ndine wodziwa njira yotsitsira. Anagwira mpando kuti ndisagwe. Madzulo a tsiku limenelo ndinaona mtolo wa pansi pa bedi utamasulidwa, zovala zili pachingwe.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse iwo ankasankha, ine ndinkapachika. Ndipo pa zaka zonsezo, pamene mudzi wonse, abusa, ngakhale ana anga omwe kuseri ankati Ba Pusi, agogo anu sanalitchulepo dzinalo. Kwa iwo ndinali atate ake Tisa basi. Ndinkayesa kuti ndi ulemu. Mwina unali mkwiyo umene sunathe, sindinafunse.

Chaka chathachi, mukukumbukira, anali atadwala kale nthawi yokolola. Tinawanyamulira pamphasa m'khitchini muno kuti asankhe, poti anakana kuti wina asankhe. Maso anali akuthwa ngati kale, ndipo anakana zisononkho zitatu zimene ine ndinkaziona zabwino. Nditakwera pampando, panalibe wougwira. Ndinapachika pang'onopang'ono, mawondo akulira. Nditatsika ndinawapeza akundiyang'ana, akumwetulira ngati mtsikana uja wa keke youma.

"Ba Pusi," anatero, "musakazichose ku utsi."

Kamodzi kokha m'moyo wonse. Sanafike nthawi yodzala. Kuyambira tsiku limenelo dzinali sindilimvanso ngati chipongwe, ndipo ndi chifukwa chake sindinawakonze amayi a khadi yagolide.

Zimene zili pamwambazi ndasankha ndekha chaka chino, mwina molakwitsa, poti wondikanira kulibe. Chidebe chakocho, Natasha, mwina n'chabwino. Mwina khoswe sangachiboole, inu ophunzira mukudziwa, sindikutsutsa. Tiziikamo nyemba. Koma izi zikhala kuutsi mpaka tsiku lodzala. Ziwiri zimene wamasula kalezo, bwera nazo kuno. Ndikwera ndekha. Iwe ungondigwirira mpando.